Kompuresa yaing'ono yosasokosa, yoyenda nayo kuntchito: ndisankhe yotani?

Mayi Wamakabati: Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa amene mwagwiritsapo ntchito makina opanikiza mpweya, makompuresa aang'ono osachita phokoso aja. Ntchito yanga yambiri masiku ano ndi yoika makabati a kukhitchini ndi mawadirobu m'nyumba zoti anthu akukhalamo kale. Kompuresa imene ndili nayo ndi ya malita 24, ndipo ikangoyamba kulira aliyense m'nyumbamo amasiya zimene akuchita. Kulemeranso, kuikweza pamasitepe ndekha sindingathe. Ndimakhomera mfuti yampweya ya misomali ya 18 geji (geji ndi muyezo wa kunenepa kwa msomali) ndi ina ya mapini ya 23 geji, nthawi zina ya masitepulo pokhoma kumbuyo kwa kabati. Pa muyezo wa phokoso, ndaona makompuresa ena olembedwa 60 dB, ena 70 dB. Kodi kusiyanako n'kwenikweni, kapena ndi mawu a malonda basi? Nanga kakang'ono kangaithe ntchitoyi?

Madala Randa: Mayi, kangaithe bwinobwino. Mfuti mwatchulazo sizidya mpweya wambiri, zimangoti phu kamodzi n'kupuma mpaka msomali wina. Ine ndinasintha kalekale ndipo sindibwerera. Chimene ndinachiona msanga si mtendere wa eni nyumba ayi, koma wanga. Ndikaweruka mutu sukulemeranso monga kale, ndipo mnyamata akandiuza muyezo ali mbali ina ya chipinda ndimamva osamufunsa kachiwiri.

Wamagetsi: Ndiyankhepo za manambala, chifukwa ambiri amapusitsika pomwepo. Ma dB sawerengedwa mophatikiza wamba. Mukawonjezera 10 dB, khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri. Ndiye ya 70 dB imamveka pafupifupi kawiri kuposa ya 60 dB, ndipo ya 80 dB ndi kanayi. Anthu awiri akamacheza bwinobwino amakhala cha pa 60 dB. Zakale zachizolowezi zija, makamaka zopanda oyilo zothamanga kwambiri, zambiri zimakhala pakati pa 80 ndi 90.

Koma chenjezo ndi ili. Opanga sayezera pamtunda wofanana. Pabwalo popanda zipupa, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi 6 dB. Wina akayezera pa mita imodzi, wina n'kuyezera patali, nambala ya wachiwiriyo idzaoneka yokongola pomwe makinawo ndi amodzimodzi. Ngati pepala silikunena mtunda, musaikhulupirire kwambiri nambalayo. Mukapeza mpata uzani wogulitsa aiyatse, muime pambali pake n'kuyankhula naye. Ngati mukukweza mawu, si yosasokosa imeneyo.

Wophunzira Ntchito: Pepani akuluakulu, ndifunse nawo. Chimene chimapangitsa kuti zina zikhale chete n'chiyani? Ndimaganiza kuti amangozikuta ndi pulasitiki.

Wamagetsi: Ayi achimwene, nkhani yagona pa liwiro la mota. Zosokosa zambiri zili ndi pisitoni imodzi yaing'ono imene imathamanga kuyambira cha pa maulendo 2,800 pa mphindi kupita m'mwamba, ndipo zina zili ndi mota ya mabulashi yofanana ndi ya mu girayinda, yolira mokweza. Zosasokosazi amaika mota yozungulira pang'onopang'ono, cha pa 1,400 pa mphindi pa magetsi a 50 Hz, kapena cha pa 1,700 pa 60 Hz. Pofuna kubweza mpweya umene ukanatayika chifukwa cha kuchedwako, amaika mapisitoni awiri akuluakulu, ina mbali iyi ina mbali inayo. Mukaona kompuresa ya mitu iwiri yokhala ndi mota pakati, ndi mtundu umenewo. Phokoso lina lalikulu limachokera pomwe mpweya ukulowera, n'chifukwa chake pamutu pamakhala kafyuluta kozungulira, nthawi zina kali ndi kapaipi kakang'ono kolendewera. Kapaipi kameneko musakachotse poganiza kuti n'kosafunika, kamadula phokoso ndithu.

Palinso mtundu wina wachete kuposa pamenepa, wa mota yotsekeredwa mu oyilo monga ya firiji. Jun-Air ndi Bambi amadziwika nazo. Zimenezo zimatsika mpaka cha m'ma 40 dB, koma mpweya wake ndi wochepa, ndi zolemera, ndipo sizifuna kupendekeka poyenda nazo. N'zabwino pa benchi, osati zokwera nazo masitepe.

Chizulo: Ine ndisiyane nanu pang'ono. Ngati vuto ndi phokoso ndi kulemera, bwanji osangogula mfuti ya batire? Palibe paipi yokukolani m'miyendo, palibe kufunafuna soketi, mwafika mwayamba. Ine pantchito zazing'ono kompuresa sindiitenganso.

Mayi Wamakabati: Ndinaigwirapo ya mnzanga, achimwene. Imakhoma bwino, koma ndi yolemera m'dzanja ndipo mutu wake ndi waukulu. Mkati mwa kabati, pakona, sindinkatha kuilowetsa. Tsiku lonse mkono uli m'mwamba pokhoma zapamwamba zija, dzanja limachita dzanzi. Komanso mfuti zampweya ndili nazo kale zitatu, kusintha zonse ndiye kuyambiranso.

Chizulo: Pamenepo ndamva. Ngati mfuti muli nazo kale, n'zoona.

Madala Randa: Tsopano mvetserani pa chinthu chimene ambiri amalakwitsa pogula. Amayang'ana kukula kwa thanki ndi mahosipawa olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, n'kuiwala kufunsa kuti pampuyo imatulutsa mpweya wochuluka bwanji pa mphindi. Thanki ndi mtsuko chabe, chitsime ndi pampu. Mtsuko ukule bwanji, ngati chitsime chikudontha pang'onopang'ono mudzadikira basi.

Papepala funani nambala ya malita pa mphindi pa presha ya 6 bar, kapena m'miyezo ya ku America, CFM pa presha ya 90 PSI, n'chimodzimodzi chifukwa 90 PSI ndi 6.2 bar ndipo CFM imodzi ndi malita pafupifupi 28 pa mphindi. Samalani, chifukwa ena amalemba mpweya umene pisitoni imakoka, osati umene ukufika kupaipi. Wokokawo nthawi zonse umaoneka wambiri, wofika kupaipi umatsika kwambiri presha ikakwera. Nambala yoona amailemba kuti FAD. Ngati palibe, yezani nokha. Tulutsani mpweya wonse, yatsani, muwerenge nthawi mpaka izime yokha. Malita a thanki muchulukitse ndi ma bar amene yazimira, mugawe ndi mphindi. Thanki ya malita 24 yozimira pa 8 bar ndi malita 192 a mpweya. Ikadzaza pa mphindi zitatu, ndiye ikupereka malita cha pa 64 pa mphindi. Si muyezo wa ku labu, koma sunama kwambiri.

Pa misomali yanu, mayi, malita 50 kapena 60 pa mphindi ndi okwana n'kutsala.

Mayi Vanishi: Madala anena zoona, ndipo ndiwonjezere msanga asanabwere wina wogula kakang'ono n'kumayembekeza kupopera nako vanishi. Osayerekeza. Mfuti yopopera ya HVLP (yogwiritsa ntchito mpweya wochuluka pa presha yotsika) yambiri imafuna malita 250 kapena kuposa pa mphindi, mosalekeza. Sanda yampweya nayo imadya oposa 300. Tengani thanki ya malita 24 imene imazima pa 8 bar n'kuyakanso pa 6 bar. Mpweya umene muli nawo pakati pamenepo ndi malita 48 okha. Mfuti yopopera imaumaliza m'masekondi khumi ndi pang'ono, kenako presha imagwa muli pakati pa chitseko. Ndinaona chitseko cha kabati chimene munthu wina anapopera choncho: kumtunda kunali kosalala bwino, pofika pakati vanishi inayamba kutuluka madontho akuluakulu, kumunsi kunali tokhakhala tokhatokha. Anachita kupala chonse n'kuyambiranso. Ndiponso kakompuresako kanali kotentha koti simungagwire, chifukwa sikanapume.

Ngati mukufuna kupopera pang'ono, mfuti zopopera za mtundu wina wotchedwa LVLP zimafuna mpweya wochepa, koma ngakhale zimenezo zimaposa mphamvu ya tating'ono tonyamula m'manja. Kopopera kumafuna makina ake.

Mayi Wamakabati: Zopopera ndimapereka kwa ena, achemwali, ndiye pamenepo palibe vuto. Koma mwatchula za kutentha. Zimenezi zimatha msanga? Ndinamva kuti zopanda oyilo sizikhalitsa.

Fundi Wakale: Ndi pamene ine ndimakayikira. Yanga ndi ya oyilo, silinda yachitsulo, Makita MAC700. Imazungulira pang'onopang'ono nayonso, ndipo ngakhale amailemba 80 dB, kulira kwake n'kwapansi, sikubaya m'khutu. Oyilo ukamasintha, makina otere amakalamba nawe. Zopanda oyilozi zimadalira kamphete ka Teflon pa pisitoni, kakadyeka basi presha yatha.

Wamagetsi: Bambo, simukunama, koma mbiri yoipa ija inabwera ndi zothamanga zija. Kamphete kamadyeka ndi kutentha ndiponso liwiro. Pisitoni yoyenda theka la liwiro imatentha pang'ono, kamphete kamakhalitsa. Ndipo kakadyeka kamasinthika pamodzi ndi silivu yake momwe pisitoni imayendamo, ndi ntchito ya masikuluwu ochepa. Chofunika ndi kufunsa musanagule ngati zosinthira zake zimapezeka. Kompuresa yoti mphete ndi mavalavu ake simungazipeze, imeneyo ndi yotaya ikadwala.

Kwa mayiwa yopanda oyilo ili ndi ubwino wina. Amaigoneka m'galimoto, amaipendeketsa pamasitepe, amaiika pansi pa matailosi a eni ake. Ya oyilo ikagona chammbali imatayikira, ndipo ikaima potsetsereka oyilo safika bwino pomwe akufunika. Komanso yanuyo, bambo, imaposa makilogalamu 20.

Fundi Wakale: Pa kulemera ndavomera. Yanga sichoka mu shopu. Koma ndikanenabe kuti wogwira ntchito pamalo amodzi tsiku lonse aganizire ya oyilo.

Madala Randa: Palibe akukana zimenezo, achimwene. Ntchito ndi imene imasankha. Ndingowonjezera kuti tating'onoti tili ndi malire a nthawi yolira. Buku lake limanena, ena amati theka la nthawi, ena kupitirirako pang'ono. Ikamalira osazima, ndiye kuti mwina mukuipempha zoposa mphamvu yake, kapena mpweya ukuthawa penapake. Madzi a sopo pa majoini onse amakuonetsani, thovu likatukumuka ndi pomwepo.

Wophunzira Ntchito: Ya abwana anga ikazima imachita kuti psss kwa kanthawi kenako n'kusiya. Ndi kuthawa kwa mpweya kumeneko?

Wamagetsi: Kumeneko n'kwabwino, musakutseke. Pali kavalavu pa switchi ya presha kamene kamatulutsa mpweya wotsalira pakati pa pisitoni ndi thanki, kuti mota ikamadzayakanso isayambe ndi katundu pamutu. Sekondi imodzi kapena ziwiri basi. Koma ikapitiriza kulira osasiya ili yozima, ndiye kuti valavu yoletsa mpweya kubwerera kuchokera m'thanki yalowa zinyalala kapena kalabala kake katha. Tulutsani mpweya wonse kaye, muzule pulagi, kenako mutsegule kapu yake n'kupukuta. Nthawi zambiri zimathera pomwepo.

Pamene tili pa zamagetsi, mayi, nkhani ya ekisitenshoni. M'nyumba za anthu soketi imakhala kutali, ndipo chiyeso ndi kulumikiza chingwe chachitali chopyapyala. Mota ikamayamba imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda. Chingwe chikakhala chachitali ndi chowonda, mphamvu imagwa panjira, mota imangong'ung'udza osazungulira, ndipo mukaisiya choncho imapsa kapena kapasita imafa. Talikitsani paipi ya mpweya, osati chingwe. Mukatero mwapindulanso kwina, chifukwa kompuresa yatsala kukhonde ndipo phokoso latsala komweko. Ngati ekisitenshoni njosapeweka, ikhale ya waya wa 2.5 mm², yaifupi, ndipo muitambasule yonse pa chokulungira chake. Wogwiritsa ntchito jenereta kapena invata aonenso mphamvu yoyambira imeneyi, asangowerenga mawati olembedwa pa mota.

Chinanso, onani chikwangwani cha magetsi. Mitundu yambiri imene anthu amaitama pa intaneti, monga Makita MAC210Q, Rolair JC10 kapena California Air Tools 8010, yonse yolembedwa 60 dB, inapangidwira msika wa ku America wa 120 V ndi 60 Hz. Ngati magetsi anu ndi a 230 V, funani mtundu wopangidwira magetsi amenewo. Zofanana nazo zilipo zambiri pansi pa maina ena.

Mayi Vanishi: Ine ndibwerere ku madzi, chifukwa nkhani iyi imandikhudza mtima. Mpweya uli ndi chinyezi, ukapanikizidwa umatentha, ukazizira m'thanki madzi amatsalira pansi. Tsiku lililonse mukaweruka, tsitsani presha, mutsegule kampopi kapansi, muipendeketse kuti madzi onse atuluke. Akamatuluka ofiirira ndiye kuti dzimbiri layamba mkati. Kunja penti ingawale, thanki imadyeka kuchokera mkati, pansi pomwe madzi amagona.

Ndinapeza mnyamata wina atatembenuza kompuresa, akupala penti pansi pa thanki pomwe panali kabowo kakang'ono kotulutsa mpweya, makina owotcherera ali pambali. Ndinamugwira dzanja. Thanki ikaboola yokha ndiye kuti chitsulo chozungulira bowolo chapyapyala kale. Mukawotcherera mwangotseka pomwe imapumira, ndipo tsiku lina idzang'ambika yonse munthu ali pafupi. Thanki yoboola ndi yotaya, palibe zokambirana. Ndipo kavalavu kachitetezo kokhala ndi mphete kaja muzikakoka nthawi ndi nthawi kuona ngati kakutseguka. Kakamadontha sinthani, osakamanga ndi waya.

Chizulo: Zina zimabwera ndi thanki ya aluminiyamu. Dzimbiri lofiira palibe, ndipo zimapepuka.

Mayi Vanishi: Eya, koma madzi muzichotsabe. Akapanda kutuluka pansi adzatulukira kupaipi, alowe mumfuti, kapena alavulire pa thabwa loti mwalisalaza kale.

Madala Randa: Pali kanthu kena kamene sikalembedwa m'mabuku. Kompuresa yomweyo imalira mosiyana malinga ndi pomwe mwaiika. Pa simenti imakhala chete. Muiike pa pulayiwudi, pa benchi, kapena pansi pa matabwa pokhala mphako kunsi, nyumba yonse imanjenjemera nayo. Muikankhire pakona, zipupa ziwiri zimabweza phokoso lonse kwa inu. Ine ndimayenda ndi chidutswa cha labala wokhuthala, ndimayala n'kuikapo. Pena mumamva kulira kwa tiii kosatha, mukagwira chogwirira kapena geji yoonetsa presha n'kusiya, ndiye kuti ndi sikuluwu yomasuka chabe.

Ena amaipangira bokosi. Zimathandiza, koma bokosi lopanda polowera ndi potulukira mphepo limapha mota ndi kutentha. Ndipo mu shopu muiike kutali ndi macheka ndi sanda. Utuchi ukatseka fyuluta imachedwa kudzaza, ukalowa mkati umadya mphete ija a Fundi amadandaula nayo.

Wophunzira Ntchito: Ndiye ndikakhala ndi yosasokosa, zotseka m'makutu n'zosafunikanso?

Madala Randa: Mwana wanga, zimenezo usasiye. Kompuresa ndi chimodzi mwa zolira mu shopu, ndipo si yoposa zonse. Macheka amagetsi, rauta ndi pulena zimapitirira 90 dB, zina kufika 100. Mfuti yeniyeniyo ikamakhoma imaphulika pafupi ndi khutu, makamaka mutu uli mkati mwa kabati. A NIOSH, bungwe la ku America loona za chitetezo ndi umoyo pantchito, amaika malire pa 85 dB kwa maola 8, ndipo pa 3 dB iliyonse yowonjezera nthawi imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 ndi maola 2. Khutu likafa silichira. Anzanga ambiri amene tinayamba limodzi ntchitoyi lero amamva kulira m'makutu usiku wonse, ndipo zimandiwawa ndikaona achinyamata akudula matabwa makutu ali pamtunda. Ubwino wa kompuresa yachete ndi woti pa nthawi yoyeza, yomata ndi yolumikiza, pamene zotsekazo wavula, palibe chokudzidzimutsa kumbuyo. Munthu wogwira chizulo chakuthwa safunika kudzidzimuka.

Mayi Vanishi: Ndipo poti tikulangiza achinyamata: osadzipemerera utuchi pathupi kapena pazovala ndi mpweya wa kompuresa. Umaponya tizidutswa m'maso, ndipo ukhoza kulowa pakhungu pomwe pali bala. Kuseweretsana nawo ndiye kwapha anthu. Burashi ilipo. Komanso amene mukufuna kuyendetsa mpweya m'zipupa za shopu, mapaipi a PVC a madzi ayi. Akaphulika amamwazika zidutswa zakuthwa.

Mayi Wamakabati: Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira zambiri kuposa zimene ndinafunsa. Maganizo anga tsopano ali pa ya mitu iwiri yopanda oyilo, ya malita 6 mpaka 10, yoti ndinyamule ndi dzanja limodzi. Yakaleyo itsale ku shopu. Chimene chikundivutabe ndi ichi: nthawi zina timakhoma awiri, ine ndi wondithandiza. Ya malita 6 ingatikwanire, kapena ndikwere pang'ono?

Madala Randa: Pa 18 geji ndi mapini, awiri mukwana, bola pampu ifike malita 50 aja pa 6 bar. Izingoyaka pafupipafupi, koma poti njachete simudzasamala. Zochepetsetsa zija za theka la hosipawa, zopereka malita 20 kapena 30, n'za munthu mmodzi wokhoma modekha. Mukadzayamba kukhoma misomali ikuluikulu ya denga kapena mafelemu motsatizana, apo ndiye zidzakuchedwetsani, msomali uzitsala mutu uli kunja. Ine ndikanatenga ya malita 8 kapena 10 ya hosipawa imodzi. Muinyamule kaye musanalipire, muyende nayo masitepe angapo, muone ngati chogwirira chili pakati. Zina n'zopepuka papepala koma zimakumenyani bondo poyenda.

Wamagetsi: Muonenso kuti ili ndi mageji awiri, ya thanki ndi ya potulukira, ndi regyuleta yokwezera kapena kutsitsira presha. Mfuti zambiri za 18 geji zimagwira pakati pa 70 ndi 120 PSI, koma yambirani pansi, muyese pa chidutswa cha thabwa lomwelo, mukweze mpaka mutu wa msomali ulowe pang'ono. Presha yopitirira imangotha mfuti ndi kuboola MDF, matabwa opangidwa ndi utuchi wopanikiza aja.

Chizulo: Paipi tengani ya polyurethane ya 6 mm mkati, njopepuka ndipo pa misomali imakwana. Ya PVC yolimba ija imakana kuwongoka ndipo imakokera zinthu pansi m'nyumba za anthu. Muyang'anenso makapula, tizitsulo tolumikizira paipi ku mfuti ndi ku kompuresa. Alipo a mitundu ingapo, a ku Europe, a ku America, a ku Japan, ndipo amaoneka ofanana koma salowana, kapena amalowa n'kumadontha. Tengani mfuti imodzi popita kukagula muyesere pomwepo.

Fundi Wakale: Ndipo poti kompuresayo idzakhala yopanda oyilo, musaiwale kuti mfuti zimafunabe wake. Madontho awiri kapena atatu a oyilo wa zida zampweya polowera mpweya musanayambe ntchito, pokhapokha ngati mfutiyo yalembedwa kuti siifuna. WD-40 ayi, oyilo wa galimoto ayi, zimawononga timalabala tamkati. Mukathira, khomani kangapo pa chidutswa kaye kuti wotsalira atuluke musanafike pa thabwa la kasitomala.

Mayi Wamakabati: Ya mapini ija inalembedwa kuti siifuna oyilo, zinazo ndimathira. Makapula anga ndi osakanikirana, ndiye ndisintha onse akhale mtundu umodzi. A Chizulo, paipi ya mamita 15 siigwetsa presha pa mfuti ziwiri?

Chizulo: Pa misomali yaing'ono siigwetsa moti n'kuzindikira, mayi. Kagawo kogawira paipi pawiri mukaike kumapeto, pafupi ndi pomwe mukugwirira ntchito, kenako aliyense akhale ndi kapaipi kake kakafupi. Mukaona misomali ikutsala kunja nonse mukakhoma nthawi imodzi, kwezani regyuleta pang'ono, kapena paipi yaitaliyo ikhale ya 8 mm.